Watuluka pa belo, nanga wodandaula athawire kuti?

Foni inalira cha m'ma 4 koloko madzulo a Lachinayi, ine ndili pa ntchito ku Lilongwe kuno ndikulimbana ndi nkhani ina ya mitengo ya soya. Woimbayo anali msuweni wanga wa kwa Mlonyeni ku Mchinji, mwana wa amalume. Ngakhale moni sanapereke.

"Asisi, watuluka."

"Watuluka ndani?"

"Yemwe uja. Ali tsidya la msewu apa, wakhala pa njinga yake. Akungondiyang'ana."

Munthuyo anali atamangidwa Lachiwiri. Masiku awiri amenewo ndi amene msuweni wanga anagona tulo teniteni koyamba pa miyezi itatu. Lachinayi anatsegula benchi yake monga mwa nthawi zonse, ndipo podzutsa mutu anangoona uja ali potero. Palibe anamuimbira kumuchenjeza. Palibe anamufunsa ngati ali ndi mantha. Anadziwira maso ake.

Maina sinditchula, mlandu udakali m'khoti, komanso mwini nkhani wandilola kulemba pokhapokha nditabisa dzina lake. Koma ndikudziwa kuti ena mwa inu mukuwerenga izi pa foni yomweyo imene usiku imakusowetsani mtendere.

Msuweni wangayu ali ndi kabenchi kotumizira ndi kutapira ndalama pa foni pa kamsika kena kwathuko. Nambala yake inalembedwa ndi penti wofiira pa chikwangwani, aliyense wodutsa amaiwerenga. Ndiye inu okonda kulangiza kuti "ingosintha nambala", dziwani kuti kwa iyeyu nambalayo ndiye khasu lake. Anakhala pa chibwenzi miyezi isanu ndi mnyamata wina wa kabaza wa njinga yamoto, wa aja onyamula anthu ndi katundu pakati pa kwathu ndi Chipata. Ataona kuti nsanje yanyanya, anachithetsa yekha chibwenzicho.

Mauthenga oyamba anali opepesa. Kenako anasanduka ena. "Chitenje wavalacho chakukhala." Apo n'kuti iye sanamuone paliponse tsiku limenelo. Atamubuloka pa WhatsApp, uja anayamba kufulasha ndi manambala a anzake, pakati pa usiku, kakhumi, ka 20. Masana ankaimika njinga moyang'anizana ndi benchi, osanyamula munthu, osalankhula. Kumjigo ali pambuyo, potuluka m'tchalitchi ali pa geti. Kasitomala wamwamuna akangochedwa pang'ono pa benchi, madzulo ake uthenga umabwera wofunsa kuti ameneyo ndani.

Azakhali, mayi ake, ankangoti, "Msiye mwanawe, atopa yekha." Nkhani inakafika kwa a nyakwawa, mnyamatayo anavomera kulakwa, anapepesa pamaso pa akuluakulu, sabata isanathe n'kuyambiranso. Chinafikitsa nkhaniyi kupolisi ndi madzulo ena pomwe anamutchingira njira akuweruka, n'kumulanda foni, kuimenyetsa pansi, ndi kumuuza kuti ngati sakhala wake sadzakhalanso wa munthu wina aliyense.

Atamuona watuluka, anthu pa msika anagamula kale: wina wadya. Umu ndi momwe timaganizira Amalawi tikaona womangidwa dzana akuyenda mumsewu lero. Koma sipanafunike kuti wina adye kanthu. Mnyamatayo anatulutsidwa ndi lamulo lenilenilo.

Ndime 42 ya malamulo oyendetsera dziko lino, amene tinayamba kuwagwiritsa ntchito mu 1994, imati womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo ali ndi ufulu wotulutsidwa, pa belo kapena popanda belo, pokhapokha ngati kutero kungasokoneze chilungamo. Ndime yomweyo imati munthu ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Apolisi nawo ali ndi mphamvu yopereka belo pa milandu ina, ndipo belo ya kupolisi ndi yaulere.

Ine sindili m'gulu la ofuna kuti belo ithe. Amene anakaonako m'bale wake ku Maula akudziwa chifukwa chake. Mu 2009, pa mlandu wa Gable Masangano, majaji anagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu ndi nkhanza zosayenera kuchitira munthu. Kutsekera aliyense woganiziridwa mlandu mpaka tsiku la chigamulo ndi kuwonjezera nkhanza zomwezo, ndipo mawa womangidwa pa bodza akhoza kukhala mlongo wanu kapena inuyo. Funso langa ndi lina: pamene lamulo likumasula uyu, uja amene anakadandaula likumusiya m'manja mwa yani?

Chifukwa nthawi ya pakati pa belo ndi chigamulo si nthawi wamba. Mnyamata amene ankangolondalonda mtsikana tsopano wagonako m'chitokosi chifukwa cha mtsikanayo. Anzake a pa siteji amuseka. Akudziwa kuti mlandu wonse wagona pa pakamwa pa munthu mmodzi, ndipo munthuyo akudziwa komwe amagona, njira imene amadzera, ndi nthawi imene amatseka benchi ali ndi ndalama m'chikwama.

Chondipweteka n'chakuti malamulo athu sali chete pa zimenezi. Lamulo la Bail (Guidelines) Act la 2000 limapereka malangizo a zoyenera kuunika asanapereke belo. Mwa zina: kodi munthuyu angathawe mlandu? Kodi angaopseze kapena kunyengerera mboni? Kodi angaike pa chiswe moyo wa anthu, kapena wa munthu wina wake? Mafunso awiri omalizawa ankakamba za msuweni wanga ndendende. Koma woweruza kapena wapolisi wopereka belo si mlauli. Amadziwa zokhazo zimene zili mu fayilo ndi zimene wauzidwa. Mu sitetimenti ya msuweni wanga munali za foni yophwanyidwa ndi mawu oopseza a tsiku limodzi. Za miyezi itatu ya kulondedwa sanafotokoze, poti sanafunsidwe, ndipo iye ankaganiza kuti kuyang'anidwa chabe si mlandu woti n'kutayitsa nawo nthawi apolisi.

Pali china chimene ambiri sitichidziwa mpaka chitatigwera. Ukakadandaula kupolisi, mlandu si wakonso. Ndi wa boma. Iwe ndiwe mboni basi. Woimira boma pa mlandu ndi amene amalankhula, iwe umakhala pa benchi kudikira kuitanidwa.

Usiku wa Lachinayi lomwelo ndinagula bandulo n'kuyamba kuwerenga malamulo ngati ndikukonzekera mayeso. Ndinayambira pa Prevention of Domestic Violence Act, lamulo lothana ndi nkhanza za m'banja la 2006, limene amabungwe omenyera ufulu wa amayi monga WLSA analilimbira zaka zambiri. Nditafika pomwe likufotokoza nkhanza za m'maganizo, tsitsi linandiima. Likutchula kutsatira munthu kulikonse kumene akupita. Likutchula kuzonda kapena kuzinga malo amene munthu amakhala, amagwira ntchito kapena amachitira bizinesi. Likutchula kuimbira munthu foni mosalekeza. Zinali ngati wolemba lamuloyo anakhalapo pa benchi ya msuweni wanga.

Lamulo limeneli limapatsa khoti mphamvu yotulutsa chiletso choteteza wozunzidwa, cholamula wozunzayo kuti asamuyandikire, asamulankhule, asafike pakhomo kapena pa ntchito pake. Zinthu zikakhala zothina, khoti likhoza kupereka chiletso chongoyembekezera ngakhale winayo asanamvedwe mbali yake. Sichidikira kuti mlandu wa kupolisi uthe, ndipo wochiphwanya wapalamula mlandu wina pawokha. Ngati amene akukuvutitsani ndi mwamuna kapena mkazi wanu, munthu amene munabereka naye mwana, kapena wachibale wa m'nyumba mwanu, khomo limeneli ndi lanu, pitani mukagogode.

Ndinatsala pang'ono kumuimbira msuweni wanga kuti tapeza mankhwala. Kenako ndinawerenga tanthauzo la anthu amene lamuloli likuwateteza. Pa za zibwenzi, likutchula chibwenzi choyenderana chimene chapitirira miyezi 12. Chake chinali cha miyezi isanu. Tangoganizani: mtsikana amene anaona zizindikiro msanga n'kuthawa ali kunja kwa mpanda, pomwe akanapirira nsanjeyo miyezi ina isanu ndi itatu akanakhala mkati. Loya wochenjera mwina angapeze polowera, koma wa pa benchi ya ndalama kwa Mlonyeni loya amutenga kuti? Nanga amene akulondedwa ndi munthu amene sanakhalepo naye pa chibwenzi n'komwe, kasitomala, neba, mnzake wa m'kalasi, kapena wina amene anangoona chithunzi pa Facebook?

Malamulo olanga alipo ndithu. Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 imati kuvutitsa munthu kudzera pa foni kapena pa intaneti ndi mlandu wa chindapusa cha K2 miliyoni ndi zaka zisanu kundende, pomwe kulondalonda munthu pa njira zomwezi moopseza ndi K1 miliyoni ndi miyezi 12. Gender Equality Act ya 2013 imaika K1 miliyoni ndi zaka zisanu kwa wovutitsa mnzake pa nkhani zogonana. Zilango zabwino. Koma zonsezi zimabwera kumapeto, mlandu utazengedwa. Msuweni wanga vuto lake linali la mawa mmawa potsegula benchi.

Chotsala chinali chimodzi: malamulo a belo. Khoti likamatulutsa munthu limatha kumuikira zoyenera kutsata, ndipo akaziphwanya belo ikhoza kulandidwa, iye n'kubwerera m'chitokosi. Timazimva kawirikawiri pa wailesi akamangidwa andale: apereke ndalama zakuti, abweretse mboni ziwiri, azikaonekera kupolisi, apereke ziphaso zoyendera, asasokoneze mboni za boma. Zomwezo zikhoza kugwira ntchito kwa mtsikana wa kumudzi, ngati wina atauza khoti kuti zikufunika.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Mchinji. Foni yophwanyika ija inali itapita ndi mauthenga ambiri, koma mwamwayi msuweni wanga ankanditumizira masikirinishoti nthawi yonseyi, ena ndikumuyankha mwachibwana kuti "ameneyu ndi wamisala eti". Ndikawaona mayankho angawo lero ndimachita manyazi. Tinakhala pa khonde la amalume ndi kope la sukulu, kulemba tsiku, nthawi, nambala ndi zimene zinachitika. Tinadzaza masamba asanu ndi limodzi. Lolemba tinapita nalo ku ofesi ya apolisi yothandiza ozunzidwa, ija timangoti Victim Support, n'kupempha kuti tionane ndi woimira boma pa mlanduwo. Mayi amene tinamupeza anawerenga kope lonse osadumpha tsamba, kenako anafunsa msuweni wanga kuti bwanji zonsezi sananene poyamba. Iye anangoyang'ana pansi.

Tsiku loyamba kukhoti, woimira boma anafotokozera woweruza za kope lija. Belo inapitirira, koma tsopano ndi malamulo: asalankhule ndi wodandaula, kaya yekha, pa foni, kapena potuma munthu, asafike pa benchi kapena pakhomo pake, azikaonekera kupolisi, ndipo apereke chiphaso chake choyendera.

Pa chomalizachi ndinamva wina kumbuyo kwanga akutsokomola mobisa chiseko. Ndinamumvetsa. Amene analemba malamulo a ziphaso ankaganiza za munthu wothawira pa bwalo la ndege la Kamuzu. Kwa Mlonyeni malire ndi munda. Inde, pali chipata chachikulu cha Mchinji ndi Mwami, chimene a Lazarus Chakwera ndi a Hakainde Hichilema anatsegulira nyumba zake zatsopano mu December 2022, koma chimenecho n'cha mathiraki ndi mabasi. Ife timadzera m'tinjira ta m'minda, ndipo wa kabaza amatidziwa tonse ngati zala zake. Ndife Angoni a Mpezeni mbali zonse ziwiri. Mwezi wa February timakavina limodzi pa Nc'wala ku Mtenguleni, maliro timaikira limodzi, ukwati timamanga uku ndi uku. Munthu akhoza kudya nsima ya masana ku Malawi, kukagona kwa azakhali ake ku Zambia, m'mamawa n'kudzaonekera kupolisi ngati mwana wabwino.

Netiweki nayo sidziwa malire. Patangotha masiku anayi chichokereni kukhoti, uthenga unalowa cha m'ma 11 koloko usiku kuchokera pa nambala yoyamba ndi +260. Unalibe dzina, unalibe mwano. Unangoti, "Mwaswera bwanji madamu a khoti." Kuno kwathu kulembetsa simu khadi kunakhala kokakamiza kuyambira mu 2018, moti nambala ya Airtel kapena TNM apolisi akhoza kuitsata mpaka kwa mwini wake. Ya tsidya lija ndi nkhani ya dziko lina, makampani ena ndi apolisi ena. Tonse tikudziwa watumiza, koma kudziwa ndi kupereka umboni m'khoti ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Kenako anabwera akuluakulu a kwawo kwa mnyamatayo, atatu, Lamlungu masana, atanyamula nkhuku. Anati abwera kudzapepesa, agula foni ina, ndipo nkhaniyi ingathe bwino pachibale mtsikanayo atakauza apolisi kuti wakhululuka. Atapita, amalume anakhala nthawi yaitali osalankhula.

"Mwanangu," anatero pomaliza, "anthu awa ndi anansi athu. Agogo ako anawakumbira manda ndi iwowa. Mawa tidzayang'anana bwanji?"

"Ababa, nanga akadzandipha mudzayang'anana bwanji?"

Sindinawaonepo amalume atasowa mawu chotero. Ineyo ndinangowakumbutsa mwaulemu kuti woweruza anati asatume munthu, ndiye ulendo wa nkhukuwu nawonso ndi wolemba m'kope. Milandu yambiri ya mtundu uwu siithera m'khoti. Imathera pa mkeka ngati umenewu, mtsikana atazunguliridwa ndi anthu amene amawalemekeza, aliyense akumuuza kuti asawononge tsogolo la mwana wa eni ake. Za tsogolo lake iyeyo sizifunsidwa kawirikawiri.

Anzathu ena anaziona izi n'kusintha malamulo. Ku South Africa, komwe achinyamata ambiri a kuno amapita kukasaka maganyu, kuli Protection from Harassment Act ya 2011, imene inayamba kugwira ntchito mu April 2013. Kumeneko sufunika kukhala mkazi wa munthu kapena chibwenzi chake cha chaka kuti upemphe chiletso. Aliyense amene akukulonda kapena kukuvutitsa, ngakhale mlendo, ukhoza kumutengera chiletso kukhoti la majisitireti, ndipo ngati akubisala kuseri kwa nambala kapena akaunti yabodza, khoti likhoza kulamula kampani ya foni kapena ya intaneti kuti iulule mwini wake. Mu August 2022 anawonjezera zina pa nkhani ya belo: pa milandu ya nkhanza za m'banja apolisi sangaperekenso belo paokha, khoti liyenera kuganizira zimene wodandaula akunena pa za chitetezo chake, ndipo likaganiza zotulutsa woganiziridwayo pomwe palibe chiletso, liyenera kufufuza nkhaniyo n'kupereka chiletso pomwepo. Sikuti nkhanza zatha ku Joni, tonse timamva zimene zimachitika kumeneko. Koma mtolo woyambitsa nkhani ya chitetezo anauchotsa pamutu pa munthu wamantha n'kuusenzetsa khoti.

Ngakhale tsidya lomweli, Zambia ili ndi Anti-Gender-Based Violence Act ya 2011, ndipo kuyambira mu 2016 inayamba kutsegula makhoti ozenga mwachangu milandu ya nkhanza, kuyambira ku Kabwe ndi ku Lusaka, kenako madera ena kuphatikizapo Chipata. Liwiro ndi chitetezo pachokha. Mlandu ukatha msanga, masiku oyang'anizana ndi njinga ija tsidya la msewu amachepa.

Mnzanga wina wa ku ofesi nditamufotokozera anati pepala silitchinga mpeni. Akunena zoona. Munthu amene watsimikiza mtima kuchita choipa saopa chidindo. Koma popanda pepala lija, msuweni wanga akaimba kupolisi kuti uja waima tsidya la msewu, yankho lake n'lakuti msewu ndi wa boma, wakuchita chiyani? Ndi pepala lija, kuima komweko ndiye kulakwa. Sadikiranso kuti atuluke magazi kaye kuti amvedwe. Ndipo kunena zoona, chichokereni kukhoti njinga ija siinaimenso pamalo paja.

Zimene ndikanakonda kuona si zodula. Wapolisi amene akulemba sitetimenti afunse kuti, kodi munthuyu akatuluka ukuopa chiyani? Asanatulutsidwe woganiziridwa, wodandaula aimbiridwe foni, ya mphindi imodzi yokha. Malamulo a belo alembedwe m'Chichewa, wodandaula apatsidwe lake pepala. Msuweni wanga anachita kupempha, tsiku loyamba tinangolemba tokha m'kope zimene tinamva. Chachikulu n'cha aphungu ku Nyumba ya Malamulo: mpanda uja wa miyezi 12 ugwe, kapena pabwere lamulo lakelake la chiletso kwa aliyense wolondedwa, mkazi kapena mwamuna, pakuti anyamata nawo zimawachitikira, kungoti amaopa kusekedwa.

Pakadalipano, ngati zikukuchitikirani, musafufute kanthu ngakhale kakunyanseni bwanji. Jambulani sikirinishoti yoonetsa nambala, tsiku ndi nthawi, mutumizire munthu amene mumamukhulupirira, chifukwa foni imaphwanyidwa. Musayankhe. Pokapereka sitetimenti nenani zonse kuyambira pachiyambi, osati za tsiku lomaliza lokha, ndipo nenani mosapsatira kuti mukuopa akatuluka. Funsani dzina la wofufuza mlandu wanu ndi tsiku lopita kukhoti. Pali nambala yaulere ya 5600 ya nkhani za nkhanza, ndi 116 ngati wovutikayo ndi mwana. A Legal Aid Bureau alipo chifukwa cha anthu amene sangathe kulipira loya.

Mlandu wa msuweni wanga waimitsidwa kawiri tsopano. Ulendo uliwonse amatseka benchi tsiku lonse, kulipira thiransipoti, kukakhala pabwalo la khoti moyang'anizana ndi abale a mnyamata uja, n'kubwerako ndi tsiku lina. Masiku ano amaweruka dzuwa lisanalowe, ndipo mlongo wake wamng'ono akachoka kusukulu amadzakhala naye mpaka potseka. Pepala la belo lija analikulunga mu jumbo, limakhala m'chikwama limodzi ndi buku lolembamo ndalama za makasitomala. Nkhuku ija amalume anaibweza.

Dzulo usiku nambala ina ya +260 inafulasha katatu. Wanditumizira sikirinishoti m'mawa uno, walemba m'kope, tsamba lachisanu ndi chinayi. Akuti apita nalo kwa woimira boma Lolemba, akapeza womusiyira benchi.